Mbewa za Rabeka ndi Chilolezo cha Malume

Ku Waverley, m'tauni ya Kadoma m'dziko la Mashona, mukafunsa nyumba ya a Filimoni Chimbalanga palibe amene amakuuzani nambala. Amangoti, "Madala a mapepala aja? Pitirirani takishopu yofiira, mukaona mpapaya wodulidwa mutu mwafika. Koma ngati muli ndi kombi yoti mukwere lero, musawafunse za mwana wawo wa kunja."

A Filimoni anabadwira m'komboni ya mugodi, kwa bambo amene anayenda wapansi kuchokera ku Dedza kudzafuna golide n'kupeza chifuwa. Iwo mugodi anaukana. Analowa fakitale ya nsalu, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ntchito yawo inali imodzi: kuima pa tebulo loyaka nyali kunsi, nsalu ikudutsa, choko kumanja, kusaka pamene ulusi wadumpha. Chizolowezicho chinawalowa m'mafupa. Chilichonse chimene alandira ankayamba achikweza kudzuwa: buledi, kalata, ngakhale nsalu ya patebulo la Mgonero, imene anaipezera zolakwa ziwiri abusa ali mkati mwa pemphero.

Mafamu a thonje atayamba kulandidwa, fakitale inayamba kutsokomola, kenaka inawalavula. Chaka chomwecho cha 2001 akazi awo, mayi Loyce, anamwalira, ndipo kunamveka kuti ana a anthu obwera si nzika mpaka atakakana dziko la makolo awo. A Filimoni, amene ku Dedza ankakudziwa m'nyimbo zokha, anafunsa kalaliki wa ku ofesi ya boma kuti, "Ndimukane bwanji munthu amene sindinamupatsepo moni?" Anabwerera kunyumba opanda ntchito, opanda mkazi, opanda dziko, koma jekete yositidwa.

Ana anali awiri. Rabeka, woyamba, ndi uja wa kunja. Anachoka mu 1998 ndi thandizo la mpingo, ndipo sanabwereko, poopa kuti akalowa ndi mapepala a munthu wopanda dziko sadzatulukanso. Mlongo wake Chalo ndiye anatsala pakhomo. Ali fomu thuu, Chalo anali ndi akatumba a miyendo onenepa moti anyamata a mpira ankamusirira, koma pokwera kombi ankachita kukokedwa. Akakhala pansi, podzuka ankagwira mawondo, kenaka ntchafu, kudzikwera yekha ngati mtengo. Kuchipatala anati ndi matenda a minofu, minofuyo ikutha pang'onopang'ono, koma makina odziwira mtundu wake weniweni iwo analibe. Rabeka anamva mawuwo ataima pakhomo la chipinda cha dokotala, ndipo anthu amati sukulu yake yonse inachokera pamenepo. Kunja kuja anakhala wofufuza za matenda a minofu ndi njira zomeretsera minofu yatsopano pamene yakale yafa.

Zimene wapeza ankalemba pamodzi ndi anzake n'kuzisindikiza m'magazini a madokotala, ndipo pepala lililonse likatuluka ankalitumiza kwa bambo ake mu envulopu yakhaki. Chingerezi cha a Filimoni chinali cha kufakitale, chokwanira kukangana ndi foromani. Cha m'mapepalamo chinali china, mawu aatali ngati sitima ya malasha. Zithunzi zake zinali timabwalo tofiirira tothithikana, timene amayi a pampopi ataonetsedwa anati ndi poloni. Koma madalawo sankavutika ndi zimenezo. Ankapita pamwamba, pa mzere wa mayina, chala chikuyenda mpaka chitapeza "Chimbalanga R."

Pa pepala loyamba dzinalo linali lachisanu pa mayina asanu ndi awiri.

"Wayamba ngati wosesa," anatero. "Tonse tinayambira pamenepo."

Zaka zikupita dzina linasendera pachinayi, linabwerera pachisanu ndi chimodzi moti anadwala mutu sabata yathunthu, kenaka linalumphira pachiwiri. Chiphunzitso chawo chinali chachidule. Kufakitale, amene dzina lake lili pamwamba pa chikalata ndiye amatulutsa katundu pageti. Tsiku limene dzina la Rabeka lidzakhale loyamba, mankhwala a Chalo atuluka. Ankauza zimenezi aliyense: wogulitsa makala, dikoni, ngakhale wapolisi amene anabwera kudzafunsa za nkhuku yobedwa n'kuchoka dzuwa litapendeka, nkhukuyo ataiiwala.

Mapepalawo ankakhala m'katoni ya sopo pansi pa tebulo la wailesi, poonekera. Koma panali kanthu kena kamene sankaonetsa munthu.

Mu 2003, mu envulopu imodzi munali kakhadi koyera ka timabwalo tinayi, ndi kalata. "Baba," analemba Rabeka, "pitani ndi Chalo kwa nesi amubaye chala, madontho anayi a magazi agwere m'timabwalomo. Akauma munditumizire. Ndikadziwa mtundu wa matenda ake ndidziwa chomutetezera, makamaka mtima, poti mtima nawonso ndi mnofu."

A Filimoni anakweza kakhadiko kudzuwa. Cholakwa sanachipeze, koma mtendere unawathawa. Magazi a munthu wamoyo kuoloka nyanja mu envulopu! Sikuti ankamukayikira Rabeka. Nkhani inali yoti magaziwo sanali awo. Bambo awo anawaphunzitsa m'komboni muja kuti mwamuna ndi tambala, amangolira pabwalo la eni. Ana ndi a kuchikazi, ndipo chachikulu chilichonse chokhudza thupi la mwana amalola ndi malume, mwini mbumba. Ku Dedza kumene mwina ena anali atayamba kale kumasula mwambowu, koma anthu opanda mudzi amagwira mwambo ndi manja awiri, popeza ndi katundu yekhayo amene palibe angawalande. Ndipo malume a anawa anali a Morrison, mlongo wa malemu Loyce, okhala ku Ntcheu, amene a Filimoni anawaona kamodzi kokha, pa ukwati wawo mu 1974.

Analemba kalata yaulemu, yopempha chilolezo, kudzera pa adiresi ya sukulu ina ya kumeneko. Yankho silinabwere. Rabeka ataimba foni ya kutakishopu n'kufunsa za kakhadi, a Filimoni anachita manyazi kuuza munthu wophunzira chotero kuti akudikira malume.

"Tinatumiza, mwanawe. Positi yadya."

Rabeka anakhulupirira, chifukwa masiku amenewo positi inkadyadi. Anatumiza kakhadi kachiwiri, ndipo ku Ntcheu kunapita kalata yachiwiri. Kenaka kachitatu, ndi kalata yachitatu. Timakhadi tonse titatu tinkagona m'thumba la ovolosi yakale kuseri kwa chitseko, ndipo positi inapitiriza kusenza mlandu.

Kumayambiriro kwa 2008 kunafika pepala lakhumi ndi chimodzi. Chala sichinayende konse: dzina linali loyamba. A Filimoni anavala jekete n'kuyenda msewu wonse, pepala m'manja, ngati munthu woitanira ukwati. Kenaka anakhala pansi kudikira mankhwala. Dzinja linatha, chisanu chinalowa, m'masitolo munatsala mashelefu okha, anthu anayamba kuima pa mzere asanadziwe chimene chikugulitsidwa kutsogolo. Pageti sipanatuluke kanthu.

Chalo tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ankakhala pakhonde kukonza mawailesi a anthu, ndipo ankalipidwa mazira kapena kapu ya ufa. Mapazi ake anayamba kutupa. Pogona ankafuna mapilo atatu.

M'mawa wina wa Ogasiti anagwa pakati pa khomo ndi chimbudzi. Anagwira mawondo monga mwa masiku onse, koma mtengo uja unakana kukwereka. Bambo ake, a zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, anamugwira m'khwapa n'kukoka, ndipo onse awiri anagona m'fumbi. Amayi a pampopi ndiwo anabwera ndi nsalu n'kumunyamula ngati thumba la chimanga, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mpopi umenewo palibe ananena kanthu. Milomo ya Chalo inali itada, akupuma ngati wathamanga kuchokera kutali ku Turf.

"Ndiri bho, Baba," anatero m'Chishona, monga amayankhira ana a masiku ano. Koma a Filimoni anagwira ntchito yoona zolakwa moyo wawo wonse.

Kuchipatala kunalibe mapilitsi, ndipo manesi ambiri anali atasiya kupitako. Nesi mmodzi yekha ankamudziwa amene akanawerenga Chingerezi cha madokotala n'kuwauza dzina la mankhwala: mayi Ennie, mng'ono wa malemu akazi awo, wa ku Chinengundu ku Chegutu. Vuto linali loti sanalankhulane zaka zisanu ndi ziwiri. Maliro a Loyce atatha, mayi Ennie anatenga makina osokera a mkulu wawo, monga achibale a kuchikazi amachitira, ndipo a Filimoni ananena mawu ena okhudza miimba. Mawuwo anafika ku Chegutu makinawo asanafike.

M'mawa mwake a Filimoni anavala ovolosi ija pamwamba pa jekete kuti isade, ananyamula katoni, n'kukwera kumbuyo kwa lole ya nkhuni. Njira yonse ankaona minda imene kale inkayera ndi thonje, tsopano tchire ndi misasa ya udzu.

Anawapeza mayi Ennie pakhonde, akupalasa makina omwe aja.

"Odi kuno."

Mayiwo anakweza maso pamwamba pa magalasi. "Kwagwanji ku Kadoma? Kapena mwabwera kudzakwapula miimba?"

"Makinawo akusokereni bwino, alamu. Ndabwera ndi mapepala a mwana wanu."

Anafotokoza za kugwa kwa Chalo, za mapazi, za mapilo atatu, ndipo mayi Ennie anasiya kupalasa. Anatenga mapepala n'kuwerenga nthawi yaitali, milomo ikuyenda. A Filimoni analephera kupirira.

"Onani pamwambapo, dzina lili poyamba. Ingondiuzani dzina la mankhwala, ndikawafuna ngakhale ku Harare."

"Alamu, mapepalawa ndi a mbewa."

"A chiyani?"

"Mbewa. Zoyera, zoweta m'makeji. Zimabadwa ndi matenda onga a Chalo, ndiye amazibaya timbewu ta minofu kuti aone ngati timera. Apa akuti zingapo zinayambanso kuthamanga pa gudumu."

"Onse khumi ndi limodzi?"

"Ayi. Limodzi ndi la nsomba."

A Filimoni anakhala pa sitepe. "Mbewa zomwezi zimene Mashona amatinena nazo kuti timadya?"

"Zomwezo. Mwana wathu akuzichiza, ife tikuziwamba." Anayesa kuseka, koma alamu awo sanawathandize.

"Nanga anthu liti?"

"Kumapeto akuti pakufunika kufufuzanso. Onse akuthera pamenepo. Si bodza, alamu, ntchitoyi ndi yeniyeni, ndipo ana a mtsogolo adzamuthokoza. Koma muno mulibe botolo la Chalo."

Thukuta linawatsika. Anapisa m'thumba la ovolosi kufuna mpango, ndipo timakhadi titatu tinagwa pansi pakati pa zidutswa za nsalu. Mayi Ennie, amene anagwira unesi zaka makumi awiri ndi zisanu, sanafunikire kuuzidwa kuti ndi tachiyani.

"Iti n'ta liti?"

"Koyamba n'ka 2003."

"Ndipo n'topanda magazi chifukwa?"

Anafotokoza zonse: za tambala, za makalata atatu, za positi yosalakwa. "Si ana anga oti ndingagawe magazi awo. Inunso mukudziwa. Ndikudikira a Morrison."

Mayi Ennie anatsegula kadirowa ka makina, pamene pamakhala mabobini, n'kutulutsa kalata yopindidwa mpaka kufewa ngati nsalu. Inali yochokera kwa akazi a Morrison. Mwini mbumba anamwalira mu Juni 2003, miyezi iwiri kalata yoyamba ya a Filimoni isanalembedwe.

A Filimoni anaikweza kudzuwa. Inalibe cholakwa.

"Anafa ndi chiyani?"

"Mtima. Miyendo inayamba, mtima unamaliza. Simukumbuka mayendedwe awo paukwati wanu? Chifuwa patsogolo, mapewa m'mbuyo?"

"Ndinkati ndi matama a umalume."

"Matama! N'chifukwa chake makolo anawabwezera ku Ntcheu ali mnyamata, mugodi sukanawalemba. Matendawa ndi athu, alamu, amayenda m'mimba mwa akazi n'kugwira amuna. Achemwali anaona Chalo akudzikwera tsiku loyamba n'kuzindikira, koma ankaopa kuti mudzati abweretsa tsoka m'nyumba mwanu."

"Nanga inu, maliro osandiuza?"

"Tinkalankhulana kodi? Ndipo ndikanati chiyani? Kuti mlongo wanga waikidwa ine ndili pa mzere wa pasipoti, akundifunsa kuti ndine wa kuti?" Anabwezera kalatayo m'kadirowa. "Ndikanadziwa kuti mwana akudikira munthu wakufa, ndikanabwera wapansi."

Kutsidya kwa msewu wina ankaitanira tomato amene palibe ankagula. A Filimoni ankawerenga m'mutu zaka zisanu, kuyambira kutsogolo, kuyambira kumbuyo, ndipo zinali zisanu ndithu.

"Ndiye mbumba ilibe mwini," anatero pomaliza. "Ndipemphe kwa yani?"

Mayi Ennie anavula magalasi. "Inu mumadziwa kuwerenga mayina pa mapepala a azungu, a m'nyumba mwanu ayi. Morrison wapita. Ine ndinabereka atsikana okhaokha. Mwamuna wamkulu wotsala m'mimba ya amayi athu ndani?"

A Filimoni anawerenga pa zala. "Chalo."

"Mwini mbumba mumamuperekeza kuchimbudzi m'mawa uliwonse, inu n'kumalemba makalata ku Ntcheu."

Anabwerera limodzi masana omwewo, mayi Ennie ali ndi kasingano komata m'pepala kamene anasunga m'chikwama kuyambira masiku a mankhwala, thonje pang'ono ndi sipiriti. Chalo anali pakhonde, wailesi ya munthu itasegulidwa mimba pamiyendo pake. Anadabwa kuona amayi ake aang'ono, koma anadabwa kwambiri ndi bambo ake, amene anavula chipewa, n'kunjuta pansi pa sitepe, n'kuomba m'manja katatu. Pampopi madzi anasefukira m'ndowa ziwiri.

"Zikomo, mwini mbumba."

"Baba, mwamwa?"

"Malume ako a Morrison anatisiya kalekale. Watsala ndiwe. Ndabwera kudzapempha madontho anayi a magazi a mbumba yanu, apite kwa mlongo wanu kutsidya kwa nyanja." Anaika timakhadi titatu pa sitepe. "Ndipo ndabwera kudzaulula. Iti ndinatibisa. Ndiponso mapepala aja..."

"Ndi a mbewa," anatero Chalo, ndipo ulendo uno anayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, ngati munthu wovala nsapato za eni. "Ndimawawerenga mukapita ku mzere wa buledi. La nsomba lija ndiye lokoma."

"Unkadziwa, osanena?"

"Mumavala jekete, Baba. Ndikanayambira pati?" Anapuma kaye, chifukwa mawu ambiri ankamutopetsa. "Za timakhadi ndinkadziwanso. Sisi anandifunsa katatu pafoni ngati singano inapweteka. Ndinkati ayi. Sindinaname."

"Bwanji sunandifunse?"

"Ndinkati mudzanena. Inu mumadikira malume, ine ndimadikira inu."

A Filimoni anaweramitsa mutu. Mayi Ennie anayamba kumatula kasingano mwaphokoso kuposa mmene kanafunikira.

"Mwini mbumba walola," anatero Chalo, akutambasula dzanja lakuda ndi mafuta a wailesi. "Koma kwa sisi mukanena nokha. Positi yazunzika mokwanira."

Madontho anayi anagwa. Kakhadi katauma, anakapereka kwa mayi Jenifa, wochita malonda odutsa malire, amene anakabisa m'chikwama cha madoilo, tinsalu toluka togulitsa, n'kukakaponya ku positi ya ku Joni. Za foni imene a Filimoni anaimba kutakishopu Lamlungu lotsatira, mwini takishopu amati inali yachilendo: madalawo analankhula pang'ono, kenaka anangoima foni kukhutu nthawi yaitali, mbali inayo kusakumveka mawu, mpweya wokha.

Yankho linafika mvula itayamba, pa basi, osati pa positi. Munali dzina la matenda, kalata yopita nayo kwa dokotala wa mtima ku Harare, ndi mapilitsi amene dokotalayo atamuyeza anavomereza. Mapazi anaphwa pang'ono, mapilo anatsika kufika awiri. Miyendo sinabwerere, ndipo Rabeka sanalonjeze kuti idzabwerera. Dokotala wa ku Harare, poyang'ana chithunzi cha mtima wa Chalo, anafunsa chifukwa chimene anachedwera chotero. A Filimoni anayang'ana chipewa chawo. Anayankha ndi Chalo, kuti kwawo n'kutali.

Ma envulopu akhaki akubwerabe, ndipo mukachedwa pa mpapaya paja mudzaonetsedwa onse, ndi kuuzidwa kuti izi ndi mbewa, ndipo zikuthamanga bwino. Chiphunzitso cha pageti chija anachisiya. Koma pali pepala limodzi, tsamba limodzi lokha, limene linabwera pa basi lija. Pamwamba pake pali dzina limodzi, "Chimbalanga C.", lopanda mnzake kutsogolo kapena kumbuyo. Limenelo silikhala m'katoni, ndipo alendo saliona. Amayi a pampopi amati nthawi zina m'mawa, Chalo asanadzuke, madalawo amatuluka nalo kuseri kwa nyumba n'kulikweza kudzuwa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda mzere ndi mzere.